Mkanda wagalasi umaulula kwawo: momwe sayansi imalondolera magalasi akale a ku Dedza ndi kwina

Dera la Linthipe m'boma la Dedza lili ndi dongo lomwe akatswiri a za miyala ndi nthaka akhala akulitchula kwa zaka zambiri kuti n'loyenera kuumbira mbale ndi makapu. Choncho munthu akatola phale lakale m'munda wa kumeneko, sipakhala chifukwa chothamangira kutali ndi maganizo. Dothi lilipo, nkhuni zootchera zinalipo, amayi odziwa kuumba analiponso.

Galasi ndiye nkhani ina. Palibe ng'anjo yakale yophikira galasi yomwe yafukulidwapo m'Malawi muno, kotero kachidutswa kalikonse ka galasi kopezeka m'nthaka ya makolo kanachita kubwera. Funso limakhala loti kanachokera kuti, kanapangidwa liti, nanga kanapangidwa motani.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ofukula zakale ankayankha mafunsowa poyang'ana mtundu, kukula ndi kaumbidwe ka chinthucho. Njirayi imathandiza ndithu, koma ili ndi malire, pakuti mkanda wobiriwira wa ku India ndi mnzake wa ku Venice ikhoza kufanana ngati mapasa. Masiku ano amayeza zomwe zili m'kati mwa galasilo. Dera lililonse ndi nyengo iliyonse zinali ndi kaphikidwe kakekake, ndipo kaphikidweko kamatsalira m'galasi ngakhale litagona pansi zaka 1,000.

Ife a m'tauni timadziwa galasi ngati botolo, tambula kapena zenera. M'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi ku Middle East, akatswiri amayezadi kwambiri ziwiya: mitsuko, zikho ndi tinsupa ta mafuta onunkhira. Kuno kumtunda galasi lakale lomwe limapezeka kawirikawiri ndi mikanda. Katundu ankachoka kugombe la Indian Ocean atasenzedwa pamutu, ulendo wa masabata ambiri, kukwera zitunda ndi kuwoloka mitsinje. Mtsuko wagalasi unali wovuta kufikitsa wathunthu, pomwe mikanda masauzande imakwana m'kathumba kamodzi ndipo siichedwa kupeza oifuna. Koma kayezedwe kake n'kamodzi, kaya ndi mtsuko kaya ndi mkanda.

Mchenga, phulusa ndi moto

Gawo lalikulu la galasi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, limachokera ku mchenga kapena nsangalabwi zoyera zosinja. Vuto n'loti mchenga pawokha umasungunuka pa moto wa madigiri pafupifupi 1,700, womwe ng'anjo za nkhuni zakale sizikanaufikira. Amisiri anatulukira kuti akausakaniza ndi soda, umasungunuka pa madigiri 1,000 kapena kupitirira pang'ono. Chachitatu ndi laimu, yemwe amalimbitsa galasi kuti lisamadyeke ndi madzi. Nthawi zambiri laimuyo sankachita kuthiridwa dala. Ankalowa yekha kudzera m'tizigoba ta nkhono tosakanikirana ndi mchenga wa kugombe, kapena kudzera m'phulusa.

Chinsinsi chachikulu chagona pa sodayo, chifukwa mtundu uliwonse wa anthu unkamupeza m'njira yakeyake. Wophika thelere aliyense amadziwa chidulo: kutentha zitsononkho kapena makoko a nyemba, kuthira madzi paphulusapo, n'kudontheza madzi ofewetsa ndiwo. Amisiri a galasi a ku Iraq, Iran ndi Syria ankachita zofananako. Ankatentha zomera za m'chipululu ndi za m'malo amchere, n'kusakaniza phulusa lake ndi mchenga. Phulusa limabwera ndi zonse zomwe chomeracho chinayamwa m'nthaka, makamaka magnesium ndi potassium, ndipo zimenezi zimakhala zochuluka m'galasi lotero.

Aroma ankagwiritsa ntchito natron, mchere wouma wokumbidwa m'nyanja zing'onozing'ono za ku Wadi Natrun m'dziko la Egypt. Popeza natron si chomera, galasi lake limakhala ndi magnesium ndi potassium wochepa, aliyense wosafika 1.5 peresenti. Kuyambira m'zaka za m'ma 700 ndi 800, amisiri a ku Middle East anasiya natron n'kutembenukira ku phulusa. Kusinthaku n'kothandiza kwambiri kwa woyeza lero, chifukwa kumagawa mbiri ya galasi la kuderalo pawiri.

Ku India kunali njira yachitatu. Kumeneko ankakokola dothi loyera lamchere lotchedwa reh, lomwe limatuluka pamwamba pa nthaka m'chilimwe, monga momwe makolo ena kuno ankakokolera dothi lamchere m'madambo pofuna kuphika mchere. Dothilo linali kale ndi mchenga ndi soda pamodzi, koma mchenga wake sunali woyera. N'chifukwa chake galasi la ku India limadziwika ndi aluminiyamu wambiri, kawirikawiri woposa 5 peresenti, pomwe galasi la Aroma limakhala ndi 2 kapena 3 peresenti.

Mitundu nayo ili ndi umboni wake. Cobalt wochepa chabe amapatsa galasi mtundu wa buluu wakuda. Mkuwa umabweretsa wobiriwira, koma ukaphikidwa m'ng'anjo yopanda mpweya wokwanira umatulutsa wofiira ngati njerwa. Mtovu wosakaniza ndi tin umapanga wachikasu. Manganese akachuluka galasi limakhala lapepo, akachepa amachotsa mtundu wobiriwira womwe chitsulo cha mumchenga chimabweretsa, galasi n'kuoneka mbee. Golide pang'ono zedi amapanga kufiira kowala kooneka ngati magazi.

Makina omwe amawerenga kaphikidwe

Kuyeza galasi lakale sikunayambe lero. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, katswiri wa ku Germany, Martin Heinrich Klaproth, anayeza tizidutswa ta galasi la Aroma tochokera pachilumba cha Capri kuti adziwe zomwe zinkapereka mitundu yake. Mu 1961, Edward Sayre ndi Ray Smith anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Science momwe anagawa magalasi akale m'magulu asanu potengera zosakaniza zake. Ntchito yambiri ya lero yakula kuchokera pamagulu amenewo.

Njira zakalezo zinkafuna kuswa ndi kusinja chidutswa ndithu, zomwe palibe wosunga zinthu zakale angalole pa mkanda waung'ono ngati njere ya mapira. Lero pali kachipangizo konyamula m'manja kotchedwa XRF, komwe kamawomba chinthu ndi X-ray n'kuwerenga kuwala kobwerera. N'kachangu ndipo sikaononga kanthu, koma kamangoona pamwamba, ndipo sikatha kuwerenga bwino soda yemwe ndiye mwini nkhani. Pamwamba pa galasi lomwe lakhala m'nthaka yonyowa pamakhalanso patasukuluka, soda ndi potassium atatsukika ndi madzi.

Makina omwe asintha kwambiri kafukufuku wa mikanda amatchedwa LA-ICP-MS. Kuwala kwa laser kumaboola kabowo kosaposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, n'kusandutsa kagalasiko kukhala fumbi losaoneka ndi maso. Mpweya umanyamula fumbilo kupita nalo m'moto wotentha madigiri masauzande angapo, ndipo makina amawerenga zinthu zoposa 50 zomwe zili m'menemo, ngakhale zomwe zilipo gawo limodzi pa miliyoni. Woyeza amataya zotuluka m'masekondi oyambirira chifukwa zimenezo ndi za pakhungu losukuluka lija. Amayezanso magalasi odziwika kale zosakaniza zake, monga omwe anakonzedwa ndi Corning Museum of Glass ku America, kuti atsimikize kuti makina sakunama. Mkandawo umabwerera m'bokosi uli bwinobwino.

Tinthu tochepa kwambiri timeneti ndi tomwe timasiyanitsa abale. Magalasi awiri akhoza kukhala onse a ku India, koma kuchuluka kwa uranium, barium, strontium ndi zirconium kumasonyeza kuti mchenga wake unakumbidwa m'zigawo zosiyana.

Zomwe mitsuko inaphunzitsa akatswiri

Phunziro lalikulu lomwe linachokera ku ziwiya ndi loti kophikira galasi ndi koumbira chiwiya nthawi zambiri kunali kosiyana. Ku Bet Eli'ezer, pafupi ndi mzinda wa Hadera m'dziko la Israel, kunafukulidwa ng'anjo 17 zomwe iliyonse inkaphika galasi lolemera matani pafupifupi 8 nthawi imodzi. Likazizira ankaliswa m'mabuma n'kulikweza m'ngalawa. Amisiri a m'mizinda yakutali ankagula mabumawo, kuwasungunulanso, n'kuuzira mpweya kudzera mumpope wachitsulo kuti apange mabotolo ndi zikho. Luso louzirali linatulukiridwa kudera lomwelo la Syria ndi Palestine zaka pafupifupi 50 Yesu asanabadwe, ndipo ndi lomwe linatsitsa mtengo wa galasi mpaka kufika m'nyumba za anthu wamba.

M'chaka cha 301, mfumu ya Aroma Diocletian inakhazikitsa mitengo ya katundu, ndipo pamndandandawo panali galasi "la ku Alexandria" lomwe linali lodula kuposa "la ku Judea". Akatswiri anatsutsana kwa zaka zambiri ngati dzinalo linkatanthauzadi kuti galasilo linkaphikidwa ku Egypt, kapena linali dzina lamalonda chabe. Mu 2020 Gry Barfod wa ku Aarhus University ku Denmark ndi anzake anayeza zidutswa za ku Jerash m'dziko la Jordan poyang'ana chinthu chotchedwa hafnium. Chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi mitundu yosiyana kulemera kokha, yomwe asayansi amaitcha ma isotope, ndipo kachulukidwe kake kamatengera zaka za miyala yomwe inaperepeseka n'kukhala mchenga. Hafnium anasonyeza kuti mchenga wa galasi loyera mbee lija unali wa ku Egypt.

Kuno kummwera kwa Africa, malo omwe ziwiya ndi mikanda zapezeka pamodzi mochuluka ndi Chibuene, doko lakale pafupi ndi Vilankulo ku Mozambique. Mu 2012 Marilee Wood, Laure Dussubieux ndi Peter Robertshaw anasindikiza zomwe anapeza atayeza magalasi a pamalowa. Ambiri anali a phulusa la zomera, a kaphikidwe ka ku Middle East. Mikanda ya galasi lomwelo yapezeka kutali kumtunda, ku Schroda m'chigwa cha Limpopo mpaka kumapiri a Tsodilo ku Botswana. Zonsezi zinkachitika chisanafike chaka cha 1000, kutatsala zaka 500 kuti Vasco da Gama adutse pagombeli.

Mndandanda wa mikanda ndi mudzi wa a Kalonga

Marilee Wood ndiye anasanja mikanda ya kummwera kwa Africa m'magulu otsatizana, ndipo kafukufuku yemwe iye, Robertshaw ndi anzawo anasindikiza mu 2010 anasonyeza kuti maguluwo amasiyanadi ngakhale m'kati. Maina a maguluwa ndi a malo omwe mikandayo inafukulidwa, osati komwe inapangidwa, ndipo wowerenga asasokonezeke pamenepo.

Gulu la Zhizo, la m'zaka za m'ma 700 mpaka pakati pa zaka za m'ma 900, ndi la phulusa la zomera, ndipo zosakaniza zake zimaloza ku Iraq ndi Iran. Kenaka mikanda imeneyi inasiya kubwera, m'malo mwake munalowa ya gulu la K2, kuyambira cha m'ma 980 mpaka cha m'ma 1200, ya kaphikidwe ka ku India. Magulu a Mapungubwe ndi Zimbabwe, omwe akufika mpaka cha m'ma 1430, anabwereranso ku phulusa koma ali ndi aluminiyamu wambiri. Lomwe likutikhudza kwambiri ndi gulu la Khami, la pakati pa 1430 ndi 1650, lotchedwa ndi dzina la mzinda wakale wa miyala pafupi ndi Bulawayo. Galasi lake ndi la ku India.

Kapangidwe ka mikanda yotereyi kamaoneka ndi galasi lokulitsa zinthu. Mmisiri ankakoka galasi losungunuka kukhala kampope katali kabowo pakati, n'kukadula tizidutswatizidutswa, kenaka n'kutitenthanso titasakanizidwa ndi phulusa kuti m'mphepete musalale popanda bowo kutsekeka. Tithovu ta mpweya totsalira m'galasimo timatalika motsatira bowo. Mkanda wokulungidwa pakawaya umasiyana, chifukwa tithovu take timazungulira bowolo. Katswiri wa mikanda Peter Francis anapeza amisiri a m'mudzi wa Papanaidupet kummwera kwa India akukokabe mikanda m'njira yakaleyi m'zaka za m'ma 1980.

Munthu akatsika phiri kuchokera ku Dedza kulowera kunyanja, amafika kudera la Mtakataka, komwe kuli Mankhamba, malo omwe mbiri ya pakamwa imawagwirizanitsa ndi a Kalonga, mafumu a Amaravi. Katswiri wa kuno kwathu Yusuf Juwayeyi anafukula malowa, n'kufotokoza zomwe anapeza m'magazini ya Azania mu 2010 komanso m'buku lake la 2020 lotchedwa Archaeology and Oral Tradition in Malawi. Kupatula mapale ankhaninkhani, mafupa a nyama ndi zitsulo, anapeza zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu yosemedwa, zidutswa za mbale za ku China za m'zaka za m'ma 1500, ndi mikanda yagalasi, mwa iyo muli ya gulu la Khami.

Tanthauzo lake n'loti galasi lophikidwa ndi dothi lamchere la ku India linkavalidwa m'boma la Dedza zaka 400 kapena 500 zapitazo. Zolembedwa za Apwitikizi zikugwirizana nazo. Gaspar Bocarro, yemwe mu 1616 anayenda kuchokera ku Tete kudutsa dziko la Amaravi mpaka ku Kilwa, ankapereka nsalu ndi mikanda kwa mafumu a m'njira. Kumadzulo, ku Ingombe Ilede m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, manda omwe anatulukiridwa mu 1960 anali ndi mikanda yagalasi, golide ndi mkuwa, ndipo kuyeza kwatsopano komwe kunasindikizidwa mu 2017 kunaika manda olemerawo kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi m'ma 1500.

Pali kanthano komwe ambiri tinakula nako, koti makolo athu ankaperekera chuma chawo timikanda topanda pake poti sankadziwa kanthu. Umboni sukuvomereza kwenikweni. Apwitikizi atamanga linga ku Sofala mu 1505 anapeza kuti mikanda ya ku Ulaya sinkayenda malonda, ndipo anakakamizika kumakagula mikanda ku India kuti apeze golide ndi minyanga. Ogula anali atazolowera katundu wawo kwa zaka mazanamazana ndipo ankadziwa kukana. Izi sizikufafaniza zowawa zomwe malondawa anadzabweretsa, makamaka pomwe mikanda, nsalu ndi mfuti zinayamba kusinthanitsidwa ndi anthu. Koma kunena kuti ogulawo anali mbuli n'kuwalakwira.

Mikanda 29 ya ku Kasitu

Chitsanzo chomveka bwino cha kayezedwe ka makono m'Malawi muno chikuchokera kumpoto, m'chigwa cha Kasitu m'boma la Mzimba. Pakati pa 2016 ndi 2019, gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson wa ku Yale University linkafukula mapanga a kumeneko, kuphatikizapo a paphiri la Hora. Iwo ankafuna makamaka za anthu a m'nthawi ya zida zamiyala, koma m'dothi lapamwamba anapezamo mikanda yagalasi 29 pamalo atatu, yambiri yaing'ono kwambiri moti ikanapyola sefa wa mabowo akuluakulu.

Mikandayo inakayezedwa ndi laser ku Field Museum mumzinda wa Chicago. Kunena kwina, mkanda womwe unawoloka nyanja imodzi pobwera unawolokanso ina kukafunsidwa kwawo. Zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya African Archaeological Review ndi Laure Dussubieux, Menno Welling, Potiphar Kaliba wa ku nthambi ya boma yoona zinthu zakale, ndi Thompson. Mikanda 28 inali ya ku Ulaya, ya kaphikidwe ka chapakati pa zaka za m'ma 1800. Umodzi wokha unali wa kummwera kwa Asia, wa kaphikidwe ka pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1600.

Ina mwa mikanda ya ku Ulayayo inali yofiira kunja, yoyera m'kati, ndipo munali arsenic wambiri. Apa ndi pomwe kaphikidwe kamasanduka kalendala. Amisiri a ku Ulaya pofuna galasi loyera ngati mkaka ankathira tin mpaka m'zaka za m'ma 1600. Kenaka anatembenukira ku antimony, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 arsenic anayamba kulowa m'malo. Mikanda yofiira pamwamba pa choyera inayamba kuchuluka cha m'ma 1830, ndipo likulu lake linali Venice ndi chilumba chake cha Murano. Dothi lomwe muli mkanda wotero silingakhale kuti linaunjikana kale kuposa nthawi imeneyo, pokhapokha ngati mkandawo unachita kutsetserekeramo kudzera m'una wa mbewa kapena chiswe.

Chigwa cha Kasitu chili pamtunda wa makilomita oposa 600 kuchokera kugombe. Mikanda ya ku Venice inafika kumeneko nthawi yomwe azungu anali asanakhazikike m'dziko muno, itanyamulidwa ndi amalonda a mu Africa momwemo, m'njira zomwe kale munadutsa mkanda umodzi wa ku Asia uja.

Chifukwa chake Linthipe ndi Chongoni n'zofunika

Mapiri ozungulira Linthipe si achilendo kwa ofukula zakale. Mu 1972 J. Desmond Clark anafukula phanga la Mwana wa Chencherere, ndipo mu 1978 Gadi Mgomezulu anamaliza digiri yake ya udokotala ku University of California, Berkeley, polemba za chiyambi cha ulimi ndi kuweta m'dera la Linthipe ndi Chongoni. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika Chongoni pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala: zofiira zomwe zimagwirizanitsidwa ndi Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau.

Mbali ina ya mbiri ya mapiriwa ndi ya m'zaka za m'ma 1800, pomwe Achewa ankathawira m'mapanga poopa nkhondo za Angoni ndi ogwira akapolo. Nyengo imeneyi ndi yovuta kuipima ndi njira yodziwika ija ya radiocarbon, yoyeza makala ndi mafupa. Pa zinthu za m'zaka 300 zapitazi, njirayi imapereka mayankho otambalala moti siitha kusiyanitsa bwino 1720 ndi 1870. Galasi lenilenilo silingapimidwe ndi radiocarbon chifukwa silinakhalepo chamoyo. Koma mkanda umodzi woyera, ukadziwika ngati uli ndi tin, antimony kapena arsenic, ukhoza kuchepetsa kutambalala kumeneko. Pamalo omwe ali pakati pa Mankhamba kunsi kwa phiri ndi zigwa za Lilongwe ndi Kasungu kumtunda, mkanda wa Khami wopezeka m'dothi losasokonezedwa ungasonyeze kuti katundu wofika kwa a Kalonga ankafalikira mpaka pati, ndi kwa yani.

Komabe sayansiyi isatamandidwe mopitirira. Imanena komwe galasi linaphikidwa, osati komwe linaumbidwa. Ku K2, m'chigwa cha Limpopo, anthu ankatenga timikanda tobwera, n'kutisungunula m'zikombole zadothi kuti apange mikanda ikuluikulu yakeyake. Makina angati galasilo ndi la ku India, ndipo sakunama, koma manja omwe anaumba anali a ku Limpopo. Amisiri akale ankasungunulanso magalasi osweka osiyanasiyana mumphika umodzi, ndipo zikatero kaphikidwe kamasokonekera. Makina sanenanso za njira, kaya mkandawo unalowera ku Zambezi ndi Shire, kaya unadzera ku Kilwa n'kuwoloka nyanja ya Malawi, kapena unadutsa m'manja mwa anthu angati. Ndipo mkanda ndi chinthu chosiyirana. Ukhoza kuvalidwa m'chiuno mwa agogo, mwana ndi mdzukulu usanagwe pansi, kotero chaka chomwe unapangidwa si chaka chomwe unakwiririka.

Tisaganizenso kuti galasi lililonse lakale mu Africa linali lobwera. Ku Igbo Olokun mumzinda wa Ile-Ife ku Nigeria, Abidemi Babatunde Babalola anafukula mikanda masauzande ndi miphika yosungunuliramo galasi, ya pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400. Galasi lake lili ndi laimu ndi aluminiyamu wochuluka m'njira yomwe siipezeka kwina, umboni woti linkaphikidwa komweko ndi zinthu za komweko. Kuyeza komweku, komwe kumalondola mkanda wa ku Dedza mpaka ku India, ndi komwe kunatsimikiza luso la amisiri a Chiyoruba.

Chomwe chimapatsa mkanda phindu pa kafukufuku ndi malo omwe unagona: kuya kwake, mapale omwe unali nawo pafupi, makala omwe anali pansi kapena pamwamba pake. Mkanda wotoledwa n'kuikidwa m'thumba ukhoza kuyezedwabe n'kudziwika kuti ndi wa ku Venice, koma sunganenenso chilichonse za phanga lomwe unachokera. Okumba m'mapanga pofuna chuma chomwe amati chinabisidwa ndi azungu akale, ndiponso okumba mchenga ndi dothi la njerwa pamabwinja, amasakaniza m'tsiku limodzi dothi lomwe linasanjikana kwa zaka mazana ambiri.

Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kufukula zinthu zakale kapena kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma, ndipo limafuna kuti wopeza zinthu zotero adziwitse akuluakulu. Mlimi kapena womanga nyumba yemwe khasu lake lavundukula mikanda, mapale ochuluka kapena mafupa, ayenera kusiya kukumba pamalopo, osatsuka kapena kutunga mikandayo pa ulusi, n'kudziwitsa a mfumu ndi ofesi ya bwanamkubwa kuti uthenga ufike ku nthambi ya Museums and Monuments. Chithunzi cha pafoni chojambulidwa zinthuzo zisanasunthidwe, pambali pake pataikidwa ndalama yachitsulo yosonyeza kukula kwake, chimawathandiza akatswiriwo kudziwa poyambira.